Chitsulo Chimene Sichinagwe

M'madzi a mchere wailesi sigwira. Mafunde amene amanyamula foni ndi GPS amafera pamwamba pomwepo, choncho chombo chopanda munthu chikangomira, wochitumayo sangachiuzenso zambiri. Chimatsala ndi kompyuta yake, batire lake ndi malangizo amene wina analemba ali pa mpando kumtunda. Kwa zaka zingapo wolemba malangizoyo ndinali ine. Mwa malangizo onsewo muli mzere umodzi umene ndinasintha osauza munthu, ndipo mzere umenewo unaonongetsa katundu wa kampani yaing'ono ku Scotland, unathawitsa kasitomala, n'kuipitsa mbiri ya munthu amene sanalakwe kanthu.

Ndinachoka ku Salima kupita ku Britain kukaphunzira uinjiniya, ndipo kafukufuku wanga anagwera pa zombo zimene akatswiri amazitchula kuti AUV. Chathu chinali chachikasu, chobulungira, chotalika pafupifupi mamita awiri, pulopela kumbuyo ndi zipsepse zinayi zokhotera. Chinalibe chingwe chochilumikiza ku boti. Chombo chotere chikakhala pamwamba chimafunsa setilaiti pamene chili, koma chikamira chimayamba kudziwerengera chokha. Kampasi imachiuza kumene chaloza. Kachipangizo koyeza kupanikiza kwa madzi kamachiuza kuya. Kumimba kwake kuli DVL, imene imaponya mawu pansi mbali zinayi n'kumvetsera mmene abwerera, ndipo pamenepo imadziwa liwiro la chombo poyerekeza ndi nthaka ya pansi pa nyanja. Kompyuta imaphatikiza zonsezi n'kupeza malo, ngakhale kuphonya kwake kumakulirakulira ulendo ukamatalika. Kulankhulana ndi a pa boti kumatheka kudzera m'mawu okha, amene m'madzi amathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi koma amanyamula uthenga waufupi zedi: kuya, mphamvu yotsala mu batire, ndi lamulo limodzi kapena awiri.

Gawo langa linali lowongolera. Chombo chikamayendera chingwe cha magetsi chogona pansi pa nyanja, chiyenera kukhala pa msinkhu umodzimodzi kuchokera pa nthaka kuti zithunzi za sonar, chida chojambula pogwiritsa ntchito mawu, zituluke bwino, pamene madzi akuchikankha uku ndi uku. Njira yakale, ya PID, imadalira manambala amene injiniya amaika kamodzi n'kuwasiya. Yanga inkaphunzira khalidwe la chombo chili pa ulendo n'kumasintha manambalawo yokha. Mu thanki ya pa yunivesite inkagwira mochititsa kaso. Ndinalemba mapepala, anasindikizidwa, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti ntchito yatha, chatsala n'kungoipereka.

Aliyense wa m'gulu lathu la ku yunivesite ankadziwa mbiri ya anzathu amene anadutsa njira imeneyi. Chombo choyamba cha mtunduwu, SPURV, chinapangidwa pa University of Washington mu 1957. Akatswiri a pa MIT anatsegula kampani ya Bluefin Robotics mu 1997. Amene anapanga chombo cha REMUS ku Woods Hole anakhazikitsa Hydroid mu 2001, imene Kongsberg ya ku Norway inagula mu 2008, kenako Huntington Ingalls inaigula mu 2020 pa mtengo wa madola 350 miliyoni. Ku Edinburgh, SeeByte inatuluka mu labu ya Heriot-Watt mu 2001 n'kumagulitsa mapulogalamu oyendetsera zombo zotere. Zombo za REMUS 6000 ndi zimene zinapeza zotsalira za ndege ya Air France 447 mu April 2011, pa kuya kwa mamita pafupifupi 3,900 mu nyanja ya Atlantic, patatha pafupifupi zaka ziwiri mabanja akudikira. Nkhani zimenezi tinkazikamba ngati kuti pakati pa labu ndi msika pali khomo limodzi lokha. Zaka za ntchito yotopetsa zimene zinali pakati pa madeti amenewo sitinkazikamba, chifukwa palibe amene ankazilemba m'mapepala amene tinkawerenga.

Mwayi wanga unabwera kudzera mu ndondomeko ya boma la Britain yotchedwa Knowledge Transfer Partnership, imene inayamba mu 1975 ndi dzina lina. Boma limalipira gawo, kampani imalipira gawo, ndipo wophunzira amalembedwa ntchito ndi yunivesite koma amakagwirira ku kampani. Kampani yathu inali kugombe la kumadzulo kwa Scotland, ya antchito osakwana makumi awiri, ndipo inkayendera zingwe za pansi pa nyanja ndi anangula a makola a nsomba. Zokambirana za laisensi zinatenga miyezi. Anthu a malamulo anakangana za umwini wa pulogalamu ndi magawo a phindu. Wina anabweretsa muyeso wa masitepe 9 umene unayambira ku NASA, woyezera kukhwima kwa luso latsopano, ndipo tinagwirizana kuti lathu lili pa sitepe yachisanu ndi chimodzi. Pa misonkhano yonseyo palibe anafunsa zimene ineyo ndimachita ndi manja anga chombo chisanalowe m'madzi. Nanenso sindinadzifunse.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anafunsa. Anali mayi wina wa pa kampaniyo, katswiri wokonza ndi kuyendetsa zipangizo, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri pa sitima za makampani a mafuta ku North Sea. Ndinkawapatsa ulemu wa munthu wamkulu, koma mumtima ndinkaona ngati mafunso awo akundichedwetsa. Atandipempha buku la malangizo, ndinawapatsa mapepala anga osindikizidwa aja. Anawabweza m'mawa mwake.

"Mapepala anuwa akundiuza chifukwa chake chombo chimayenda," anatero. "Ine ndikufuna kudziwa chimene chimachitika chikasiya kuyenda, usiku, inu muli kwanu mukugona."

Ndinalonjeza kuti ndilemba. Ndinalemba masamba ochepa, ntchito zina n'kundipeza, ndipo ndinawasiya pomwepo.

Amalume anga ku Senga Bay anali ndi injini ya boti imene inkalira kwa iwo okha. Ankadziwa pogogoda, ankadziwa kuti chingwe chimakokedwa kawiri pang'ono kenako kamodzi mwamphamvu. Ataigulitsa, wogulayo anaibweza sabata isanathe, akuti ndi yakufa, pamene inali yamoyo ndithu, kungoti theka la injiniyo linali m'manja mwa amalume. Pulogalamu yanga inali chimodzimodzi, ndipo ine sindinkaona.

Ndifotokoze za mzere uja. Chombo chotere amachilinganiza kuti chizipepuka pang'ono kuposa madzi, kuti pulopela ikaima chizikwera chokha. Kuonjezera apo, kumimba kwake kumamangiriridwa chitsulo cholemera. Zinthu zikavuta kwambiri, kompyuta imadutsitsa magetsi pa kawaya kogwira chitsulocho, kawayako kamaduka, chitsulo chimagwa, chombo n'kutumphukira pamwamba. Ndi chitetezo chomaliza. Pulogalamu yathu inkati: ulendo ukaimitsidwa mwadzidzidzi, dikira mphindi 10, ngati GPS sinapezeke, ndiye kuti sunafike pamwamba, taya chitsulo. Koma thanki ya pa yunivesite inali m'nyumba yofolera, ndipo GPS sidutsa denga. Nthawi iliyonse ndikaimitsa chombo, chinkaganiza kuti chamira, n'kutaya chitsulo pansi pa thanki. Kuchivuula ndi kumanganso kawaya kunkadya theka la tsiku. Madzulo ena, nditatopa, ndinalemba mzere woletsa magetsi kufika ku kawayako. Tikamapita kukayesa panja, ndinkauchotsa ndekha pa laputopu yanga, monga munthu amachitira chinthu chimene wazolowera. Sindinaulembe paliponse. Pulogalamu imene ndinapereka ku kampani inali ya mu thanki.

Tsiku loonetsa kasitomala linafika mu November, pambuyo pa sabata ya mvula yosakata. Malo ake anali imodzi mwa nyanja zopapatiza zolowa pakati pa mapiri, zimene eni dziko amazitchula loch, za madzi a mchere koma zolandira mitsinje yambiri. Alendo awiri anabwera kuchokera ku kampani yosamalira zingwe za makina opangira magetsi ndi mphepo pa nyanja. Bwana wathu anaganiza chinthu chanzeru: kuti alendo aone kuti luso lasamukadi, antchito a kampani ndi amene aike pulogalamu mu chombo, ine ndikhale ndi alendo n'kumawafotokozera. Ndinakondwera. Ndinavala jekete yabwino pansi pa chovala choyandamitsa.

Mayi aja anali atalinganiza kulemera kwa chombo padoko masiku angapo m'mbuyomo, mvula isanakule, ndipo chinkapepuka ndi magalamu pafupifupi 400. Titafika pamalo, anapempha kuti ayambe atsitsa chipangizo choyeza mchere wa m'madzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nthawi inali itatha kale, alendo anali ndi ndege yoti akakwere madzulo, ndipo bwana anayang'ana ine. Mawu amene ndinayankha ndimawakumbukira onse. Ndinati palibe chodetsa nkhawa, popeza zikavuta chitsulo chilipo.

Chombo chinamira bwino. Mauthenga ankabwera mwadongosolo, ndipo ine ndinkaloza pa sikirini mmene chinkasungira msinkhu wake pamwamba pa nthaka. Mmodzi wa alendo anayamba kufunsa za mitengo. Kenako chombo chinafika pa phompho, nthaka inatsetsereka mwadzidzidzi, DVL inasiya kumva pansi, ndipo pulogalamu inachita zimene inauzidwa: inaimitsa pulopela n'kutumiza uthenga woti ulendo waimitsidwa, chikukwera. Zimenezi sizinali zoopsa. Ndinauza alendo kuti akuona okha mmene chimadzitetezera. Tinayang'ana manambala a kuya akutsika, 40, 30, 15, 6. Anafika pa mamita awiri ndi theka n'kuima pomwepo.

Woyendetsa boti, bambo wachikulire amene anakulira pa madzi amenewo, anaweramira kunja, anatunga madzi ndi dzanja n'kulawa. "Awa ndi a mtsinje," anatero. Mvula yonse ija inali itatsika m'mapiri n'kuyala pamwamba pa madzi a mchere, osasakanikirana nawo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imalemera magalamu pafupifupi 1,025, pamene ya madzi a mtsinje imalemera 1,000. Chombo chathu chinkatenga malo a malita pafupifupi 50. Kuti magalamu 400 aja athe, pankangofunika kuti lita iliyonse ya madzi a pamwamba ipepuke ndi magalamu 8. Chombo chinakwera m'madzi olemera mpaka chinafika pa malire a madzi opepuka, ndipo pamenepo chinalendewera, chosamira, chosayandama. Eriyo yake inali pansi pa madzi. Madziwo anali oderako chifukwa cha dothi la m'mapiri, moti chinthu chachikasu cha mamita awiri sichinkaoneka ngakhale pang'ono.

Mayi aja anayang'ana wotchi. "Tidikire mphindi khumi, chitsulo chigwa," anauza alendo modekha.

Ndi pamene ndinakumbukira. Nkhongono zinazizira. Ndinaona thanki ija, madzulo aja, mzere uja. Ndinadziwa kuti tikhoza kudikira mpaka mawa, chitsulo sichigwa. Ndinatsegula pakamwa, ndinayang'ana alendo, ndinayang'ana bwana, ndipo ndinatseka. Mphindi khumi zinatha. Mayi aja anatumiza lamulo la mawu lotayitsa chitsulo, chombo chinayankha kuti chamva, koma kuya sikunasinthe, chifukwa malamulo onse awiri ankadutsa pa mzere wanga womwe uja. Anatumizanso. Manja awo anayamba kunjenjemera, ndipo ndinawamva akudzifunsa chapansipansi ngati anamanga kawaya molakwika.

Ndikanayankhula nthawi imeneyo, chitsulo sichikanagwabe, koma tikanasiya kutaya nthawi pa lamulo lakufa n'kuyamba kusaka. Chipangizo chathu chinkatiuza mtunda wokha, osati mbali, choncho kupeza chombo kunkafuna kuyenda ndi boti n'kumayeza mtunda pa malo osiyanasiyana. Tinayamba mochedwa. Madzi a nyanja yaikulu amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pa nthawiyo anali atayamba kuphwa, akutuluka mwamphamvu pa khomo lopapatiza la loch. Mtunda unkakula: mamita mazana atatu, mazana asanu ndi awiri, kupitirira kilomita. Ku Scotland mu November mdima umagwa cha m'ma 4 koloko. Uthenga womaliza unabwera wodukaduka, kenako zii. Bwana anaimbira oyang'anira chitetezo cha pa nyanja kuti achenjeze maboti ena. Alendo anatigwira chanza mwaulemu pa doko, n'kunena kuti zoterezi zimachitika.

Usiku umenewo ndinadzitonthoza ndi nkhani za ena. Autosub2 ya akatswiri a ku Southampton inasowa pansi pa madzi oundana a Fimbul ku Antarctica mu February 2005. ABE ya ku Woods Hole inatayika kufupi ndi Chile mu 2010. Ndinadziuza kuti aliyense wa ntchito imeneyi amataya chombo tsiku lina. Kunali kudzinamiza. Anthu amenewo anatumiza zombo zawo ku malo amene ngozi yake ankaidziwa n'kuivomereza, ndipo a ku Southampton atataya chawo anakhala pansi poyera, anafufuza, n'kukhazikitsa njira yowerengera chiopsezo ulendo usanayambe. Ine ndinali ndi yankho lonse m'mutu ndipo ndinali kulibisa.

Pa msonkhano wa m'mawa mwake mafunso onse analunjika kwa mayi aja. Ndi iwo analinganiza kulemera, ndi iwo anamanga kawaya, ndi iwo anaika pulogalamu. Bwana sanakalipe, koma anawapempha kuti alembe lipoti la inshuwalansi ndiponso kuti asagwire zida za chombo mpaka zonse zitadziwika. Iwo sanatchule n'komwe kuti anapempha kuyeza mchere ine n'kuwakaniza. Ndinakhala moyang'anizana nawo, maso pa tebulo. Zifukwa ndinali nazo: chitupa changa chokhalira m'dzikomo chinkadalira ntchitoyo, ndalama za sukulu za azing'ono anga zinkachokera pa malipiro omwewo, ndipo ndinkaopa kuti pulofesa wanga achita manyazi chifukwa cha ine. Zonsezo zinali zoona, koma sizinasinthe chimene ndinachita. Ndinawagwiritsa fuwa la moto munthu yekhayo amene anayesa kunditeteza ku vuto lomwelo.

Patapita masiku, msodzi wa nkhanu anapeza chombo pa miyala ya kachilumba kena kunja kwa loch. Chitafika kumene madzi a pamwamba ndi a mchere chinayandama chokha, koma batire linali litatha, ndipo mafunde anachimenyetsa pa miyala mpaka sonar, chida chodula kuposa zonse, inasweka. Chitsulo chinali chikadali pamimba pake, kawaya kali bwinobwino. Kompyuta inapulumuka, ndipo mkati mwake munali mbiri ya zonse zimene inachita. Ndiyenera kunena zoona pano: sindinaulule chifukwa cha kulimba mtima. Ndinadziwa kuti mbiriyo ikawerengedwa, dzina langa lituluka.

Usiku umenewo ndinaimbira amayi ku Salima. Za DVL ndi GPS sindinawafotokozere. Ndinangoti ndaononga katundu wa eni ake ndipo mlandu wagwera munthu wina. Anakhala chete kanthawi.

"Munthuyo ali ndi ana?" anafunsa.

"Alipo awiri, amayi."

"Ndiye ukundiimbiranji ine? Pita ukamuuze mwini wakeyo, usanauze abwana ako."

Ndinapita m'mamawa. Ndinawapeza mayi aja mu wekishopu akutsuka mchere pa zitsulo za chombo, ngakhale anali ataletsedwa kuzigwira. Ndinatsegula laputopu n'kuwaonetsa mzerewo. Anawerenga, anawerenganso, kenako anapukuta manja.

"Mzerewu aliyense wogwira ntchito mu thanki akanatha kuulemba," anatero. "Inenso ndinachitapo zoterezi pa zida zina. Chimene sindikumvetsa ndi masiku onsewa. Ndakhala ndikudzuka usiku, kumanga kawaya kaja m'maganizo, kufufuza pamene ndinaphonya. Inu mukudziwa."

Ndinalibe choyankha, ndipo iwo sanadikire yankho. Tinapita limodzi kwa bwana. Ndinkayembekezera kuchotsedwa ntchito. Iye anandiuza mosabisa kuti akanakonda kutero, koma sangathe, chifukwa palibe wina amene ankaidziwa pulogalamuyo. Anati kampani inalipira laisensi poganiza kuti yagula luso, koma tsopano waona kuti inangobwereka munthu. Anapepesa kwa mayi aja pamaso pa antchito onse, ndipo ine ndinaimirira pa msonkhano womwewo n'kufotokoza zonse, kuphatikizapo za kuyeza mchere.

Kupepesa sikunabweze kasitomala. Ntchito ija inapita kwa kampani ina, inshuwalansi inalipira gawo chabe la sonar, ndipo nyengo yotsatira kampani yathu inachepetsa maola a antchito. Mayi aja, amene anali ndi banja loti adyetse, anabwerera ku ntchito za pa sitima kudzera ku Aberdeen, kumakhala masabata pa nyanja kutali ndi ana awo, zomwe anali atazisiya dala. Palibe amene anandiuza kuti ndi chifukwa cha ine. Panalibe chifukwa chondiuzira.

Asanachoke, anatithandiza kukonza chombo mwatsopano, ndipo miyezi imeneyo ndi imene ndinaphunzira ntchito yanga. Chitetezo cha chitsulo tinachichotsa mu pulogalamu yanga n'kuchiika pa kabodi kakekake, kokhala ndi batire lakelake, kamene kamayang'ana kuya ndi nthawi basi, osafunsa GPS kapena kompyuta yaikulu. Zoletsa za mu thanki tinazisandutsa pulagi yofiira yoonekera kunja, ndipo chombo chimakana kumira panja pulagiyo ikadalipo. Tinalola kuti chikalendewera pafupi ndi pamwamba, pulopela izilira n'kuchikankhira kunja. Kuyeza mchere kunalowa pa mndandanda wa zoyenera kuchitika, ndipo ngakhale bwana alibe mphamvu yodumpha mzere umenewo. Njira yanga yophunzira yokha, imene ndinainyadira zaka zonse zija, tinaiikira malire, ndipo ikangochita zachilendo chombo chimabwerera ku PID yakale. Zinandiwawa. Mu pulogalamu yomaliza, gawo limene linandipatsa digiri linali laling'ono kwambiri. Mbali yaikulu inali yoyankha funso la mayi aja, la chimene chimachitika zinthu zikasiya kuyenda.

Ndinayamba kuwerenga mbiri zija ndi maso ena. HUGIN ya ku Norway inapangidwa ndi bungwe la boma lofufuza za chitetezo pamodzi ndi Kongsberg ndi kampani ya mafuta ya Statoil, ndipo mu 1997 inali itayamba kale ntchito yolipidwa yoyeza njira ya mapaipi. Wofuna kugwiritsa ntchito chombocho anali m'gulu kuyambira pachiyambi, akufunsa mafunso ake otopetsa nthawi ikadalipo. Mu April 2014, Bluefin-21 itatumizidwa kukasaka ndege ya MH370 mu nyanja ya Indian, ulendo wake woyamba unathera panjira chifukwa inafika pa malire ake a mamita 4,500 n'kubwerera yokha pamwamba. Ambiri anaona ngati yalephera. Ine tsopano ndimaona chombo chimene chinabwerera kwa eni ake chili chathunthu, popanda wochipanga kukhala pafupi.

Sindikuchotsa mlandu pa ine ndikamanena kuti mayunivesite amalera anthu ngati ine. Wophunzira amayesedwa ndi pepala losindikizidwa, ndipo pepala limafuna kuti chinthu chigwire ntchito kokwanira kujambula tchati. Buku la malangizo silipatsa munthu digiri. Kuyesa chombo m'madzi oipa, tsiku loipa, ndi munthu amene sanachipange, kumadya ndalama zimene thandizo la kafukufuku nthawi zambiri silikhala nazo. Wophunzirayo akamaliza amachoka ndi theka la luso m'mutu, wotsatira n'kuyambiranso. Ndikanakhala ndi mphamvu, wophunzira aliyense wa zowongolera makina akanakhala miyezi ingapo pa boti pansi pa katswiri wonga mayi aja asanalembe mzere woyamba, ndipo laisensi iliyonse ikanasainidwa pokhapokha antchito a kampani atayendetsa chombo okha, wofufuzayo atatsekeredwa kunja.

Ndi mmene tinachitira pa kuyesa kotsatira. Ine ndinatsala mu ofesi, foni yanga ili mu kabati ya bwana. Antchito awiri, mmodzi wa iwo mnyamata amene anali atangolembedwa kumene, anatenga buku limene ndinalemba, anapita ku loch yomwe ija, anayeza mchere, anaonjezera zoyandamitsa, n'kuyendetsa chombo tsiku lonse. Anabwera ndi zithunzi zabwino za chingwe ndi mndandanda wa malo asanu ndi limodzi amene bukulo silinamveke.

Ndinalembera mayi aja kalata yowauza zimenezi ndi kupepesanso. Yankho linabwera patapita masabata, kuchokera pa sitima. Za kupepesa sanatchulepo. Analemba kuti masiku aja ataletsedwa kugwira zida anawathera powerenga pulogalamu yanga kunyumba, ndipo panali zinthu ziwiri zimene ankafuna ndione ngati zinakonzedwa. Choyamba, nambala yokonzera kusiyana kwa kumpoto kwa kampasi ndi kumpoto kwenikweni inali yolembedwa mkati mwa pulogalamu, ya mzinda umene kuli yunivesite, moti chombo chikapita ku nyanja ina chizilowera pambali pang'ono ulendo wonse. Chachiwiri, wotchi ya chombo inkatenga nthawi ku laputopu yanga, osati ku setilaiti. Ndinatsegula pulogalamu. Zonse ziwiri zinali zikadali momwemo, ndipo zonse ziwiri ndinkazikonza ndi manja m'mbuyomo osazindikira kuti ndikukonza kanthu.

Ndinazikonza tsiku lomwelo, ndinazilemba m'buku, kenako ndinapempha bwana kuti andipatse mnyamata watsopano uja kwa mwezi wathunthu. Ntchito yake inali kuwerenga pulogalamu yonse mokweza kuyambira mzere woyamba, n'kundifunsa za nambala iliyonse kuti inachokera kuti. Pofika Lachitatu la sabata yoyamba tinali titapezanso zina zitatu, ndipo tinali tisanafike pa gawo la batire.